A Kelepi Amene Tinkawabisira Nkhope

A Kelepi akakuyang'anitsitsa kupitirira mphindi imodzi, unkayenera kupita kunyumba kukatsanzikana ndi ana. Musaseke, ndikunena zoona. M'mudzi mwathu muno aliyense ankadziwa zimenezi, kuyambira abusa mpaka woyendetsa basi. Bambo amene uja ankajambula zithunzi za pamanda, zinsalu zikuluzikulu zija timaimika kumutu kwa womwalira pakati pa maluwa apulasitiki. Vuto lawo linali limodzi, losadikira kuti munthu amwalire kaye. Ankakujambuliratu udakali kuyenda ndi miyendo yako iwiri, n'kusunga chithunzicho m'kabati. Ndipo amene ajambulidwa sankachedwa kuchifuna chithunzicho.

Ntchito yawo anaiphunzirira ku Nuku'alofa, likulu la dziko lathu, kunyumba ya kanema, kalekale mafoni asanabwere. Filimu ikafika, mapepala oitanira anthu ankafika atanyowa kapena atang'ambika, ndiye mwini kanema ankangowapatsa thabwa ndi utoto n'kuwauza kuti pofika masana chinthu chikhale chili pakhomo. Mafilimu amene ankadzaza anthu masiku amenewo anali a mizukwa ndi akufa odzuka m'manda. Zaka khumi ndi zisanu akujambula zomwezo, dzanja linazolowera: kuwala kochokera pansi pa chibwano, mthunzi wobiriwira m'maenje a maso, kumbuyo thambo lofiirira ngati kukubwera chimphepo. Kanema atatsekedwa, anabwerera kumudzi ndi dzanja lomwelo, ndipo ife ndi amene tinakumana nalo.

Oyamba kulawa anali a Kalolaine, amene ankakazinga mandasi pafupi ndi sukulu. Anangopempha chikwangwani cha mayi womwetulira atanyamula mbale, basi. Chimene chinatuluka, abale inu. Mayiyo ankamwetuliradi, koma kumwetulira kwa munthu amene akudziwa chimene waika m'mandasimo ndipo sakuuzani. Ana a sukulu anayamba kudzera kumbuyo kwa tchalitchi. A Kalolaine anapita kukadandaula atanyamula chipande, koma a Kelepi anangowafunsa kumene moto umakhala iwo akamakazinga. Atayankha kuti pansi, anati, "Ndiye ndanama pati? Umu ndi mmene mumaonekera tsiku lililonse, kungoti anthu amakuopani kukuuzani."

Abusa nawo sanaphunzirepo kanthu. Anawapempha chithunzi cha Mbusa Wabwino choti akachipachike m'chipinda cha Sande sukulu. A Kelepi nkhosa yamoyo anali asanaionepo, ankangodziwa nthiti zake za m'furiji ya kugolosale, monga tonsefe. Anangoganizira okha mmene nthiti zija zingaonekere zitaimirira. Nkhosa zinatuluka ngati agalu ofukulidwa, ndipo Mbusayo ankayang'ana kumbali ngati wamva kanthu m'tchire. Abusa anafuna kuchibisa kuseri kwa kabati, koma aphunzitsi anakana, chifukwa chaka chimenecho ana sanachitepo phokoso ngakhale Lamlungu limodzi.

Kumanda ndiko kumene dzanja lawo linapeza kwawo. Pamenepo palibe ankadandaula kuti chithunzi chikuopsa, ndipo kunena chilungamo, akufa a a Kelepi ankaoneka amoyo kuposa amoyo awo. Ukamadutsa pamanda masana dzuwa likuswa mtengo, unkapezeka wawapatsa moni. Mwana wawo Meliame, amene amakhala ku Auckland, kutsidya kwa nyanja, anadzawatumizira kamera ndi kompyuta, ndipo anaziphunzira mwamakani, chala chimodzi. Koma zinsalu zosindikizidwa m'mashopu a m'tauni ankadana nazo ngati chifuwa. Mukuzidziwa: thambo la buluu, mitambo yoyera ngati thonje, nkhunda ziwiri, zilembo zagolide, nkhope yosalazidwa mpaka khwinya limodzi osaoneka. Iwo ankati akufa a masiku ano onse akufanana ngati ana a mayi mmodzi, ndipo tsiku lachiweruzo angelo adzavutika kuitana maina. Ukawapempha kuti achotse chipsera kapena abwezeretse dzino, ankatseka kompyuta n'kukusonyeza khomo.

Chinkawapweteka kwambiri chinali zithunzi zimene achibale ankabwera nazo munthu akamwalira. Munthu wakhala zaka makumi asanu ndi awiri, koma chithunzi chake ndi kamutu kangati chikhadabo pakati pa gulu la paukwati, theka la nkhope litabisika ndi chipewa cha wina. Ife tinkaganiza kuti n'chifukwa chake anayamba kujambuliratu anthu. Koma sankajambula aliyense ayi, ankasankha, ndipo kusankhako ndiko kunatiumitsa pakamwa.

Anayamba ndi a Taniela, otsogolera kwaya, bambo wa mawu ogwedeza malata. Anawayang'anitsitsa potuluka m'tchalitchi, anawaimika pansi pa mtengo wa mango, kamera thwa. Patatha miyezi itatu tinavala zakuda n'kumanga mikeka yamaliro m'chiuno monga mwa mwambo wathu. Kenaka a Kalolaine a mandasi aja. Kenaka mnyamata wina wosewera mpira, wosakwana ndi zaka makumi atatu zomwe. Atafika wachisanu, mudzi unasiya kuwerenga n'kuyamba kubisala. M'tchalitchi amayi tinkaphimba nkhope ndi zokupizira mphepo mpaka abusa ankalalikira zokupizira zokhazokha. A Kelepi akakwera basi, onse ankapeza chinthu chosangalatsa kunja kwa zenera. Kokamwa kava, chakumwa chathu cha mizu yosinja, amuna ankakhala chowapatsa msana, chikho n'kumawapatsira chakumbuyo. Iwo sankakhumudwa. Ankati misana yathu ndi yokongola kuposa nkhope zathu.

Ine ndinkaseka nawo zonsezi, chifukwa chaona mnzako chimasangalatsa chikadali kwa mnzakoyo. Amuna anga a Manase anali munthu wonyamula nkhumba yaikulu yekha paphewa, osadziwa ndi khomo la chipatala lomwe. Loweruka lina m'mawa tikuchokera kumunda, iwo atasenza zilazi, ine ndili ndi dengu lopanda kanthu, tinakumana ndi a Kelepi pamphambano. Ndinayang'ana pansi monga mwa nthawi zonse. Koma ndinaona kuti mapazi a a Kelepi aima, ndipo sakusuntha. Nditadzutsa mutu ndinapeza maso awo ali pa a Manase, mutu atapendeketsa pang'ono, diso limodzi atatsinzina.

"Manase," anatero, "tabwera kuno pamthunzi, utembenukire kunyanja."

Sindinaganize kawiri. Ndinatenga dengu lija n'kuwavundikira nalo a Manase kumutu, ndipo ndinawakoka ndi malaya mpaka kunyumba, iwo akupunthwa, zilazi zikugwa m'njira, akufunsa m'dengumo kuti alakwa chiyani. Mawu amene ndinawauza a Kelepi pochoka sindingawabwereze, ndine wa m'kwaya ya amayi.

Masabata awiri ndinawasunga ngati mazira. Kumunda ankapita atadzifunditsa thaulo kumutu, kudzera njira ya kumbuyo. Kukamwa kava ndinaletsa. Mazenera a mbali ya msewu ndinatchinga ndi nsalu. A Manase ankangoseka, ati munthu safa ndi kamera, koma ndinkawaona akusiya chakudya m'mbale ndi kumadzikanda m'mikono, ndipo ine ndinkati ndi mantha akuwadya. Tulo sindinkalipeza. Ndinkaopa, ndikuuzeni poyera.

Nkhani inawapeza alamu anga a 'Ofeina, mlongo wawo wa a Manase. Mukudziwa kuti mlongo wa mwamuna akalankhula pakhomo pa mchimwene wake, ena tonse timangovomera, ngakhale anene kuti nyanja ndi yotsekemera. Anakhala pampando, ine pansi, n'kugamula kuti munthu woteroyo satukwanidwa, amapepesedwa. Ndinayenera kutenga mkeka wanga wabwino kwambiri, umene ndinkasungira ukwati wa mwana wanga, ndi chilazi chachikulu kuposa zonse, n'kupita kukapempha kuti a Kelepi achotse maso awo pa mchimwene wawo. Anawonjezera kuti ngati pakufunika wina woti ajambulidwe, kumudzi kwathu kumene ndinachokera anthu ndi ambiri.

Ndinapita Lolemba m'mawa. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, yonunkha utoto ndi palafini, m'makoma muli matabwa akale a kukanema, mizukwa yonse ikundiyang'ana. Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo, ndinayala mkeka, ndinaikapo chilazi, n'kuyamba mawu onse aulemu amene munthu amanena kwa akuluakulu. Ndinalira ndithu. Ndinati tili ndi ana anayi, wamng'ono sanamalize sukulu, ngati tinawalakwira atikhululukire. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto akupukuta burashi, kenaka anandifunsa ngati chilazicho ndi cha m'munda wa kumtunda kapena wa kumunsi. Ndinatsala pang'ono kuwagenda nacho.

Anadzuka n'kutenga mbale yachitsulo imene ankasakanizirapo utoto. Anandiuza kuti nkhope ya munthu aliyense m'mudzi muno ili ndi muyeso wake, ndipo iwo miyeso yonse anaisunga m'mutu. Ya a Manase anaiphunzira pamene ankajambula timu ya mpira ya mudzi wathu: madontho atatu ofiirira, limodzi lofiira, kadontho koyera. Anasakaniza ine ndikuona, n'kupaka pa mbaleyo. Pambali pake panali pena popakidwa kale, pouma.

"Apa ndi Manase wa masiku onse," anatero. "Apa ndi wa Loweruka lija. Ndinachita kuwonjezera chikasu kuti afanane."

Ndinayang'ana, osaona kusiyana kulikonse. Anatulutsa mbaleyo panja pamthunzi, n'kundiuza kuti ndisayang'ane ngati mkazi wake, ndiyang'ane ngati wogula nsomba. Pamenepo ndinaona. Kunali kusiyana kochepa zedi, koma kunalipo. A Kelepi anati a Taniela anatuwa m'milomo, a Kalolaine anada m'munsi mwa maso, mnyamata uja anayera m'zikope. Mtundu wa munthu umayamba kusamuka mwini wake asanamve kupweteka.

Mantha anasanduka ukali. Ndinaiwala zoti ndabwera kudzapepesa. Ndinawafunsa kuti ndi munthu wotani amene amaona mnzake akulowera kudzenje, m'malo mokuwa n'kuthamangira kamera. Anandisiya ndithe mawu.

"Taniela ndinamuuza," anayankha. "Anandiseka, nati ndipite ndikauze mizukwa yanga. Kalolaine ndinamuuza, ana ake anandithamangitsa ndi chikwanje, ati ndikulodza mayi awo. Ine si dokotala, Sulieti, dzina la matenda sindilidziwa, ndimangodziwa utoto. Ndiye ndinati ngati sindingapulumutse munthu, ndipulumutse nkhope yake. Manase ndimafuna ndimuone bwino pamthunzi kuti ndimuuze, poti iye ndi womva. Iwe unamuika m'dengu masabata awiri."

Mawu omalizawo amandilasa mpaka lero. Ndinatuluka chothamanga, mkeka ndi chilazi ndinazisiya pomwepo. Madzulo a tsiku lomwelo a Manase anali pabedi kuchipatala, akukalipa kuti sakudwala. Adokotala anawakoka chikope, anayang'anana ndi namwino, ndipo sanasekenso nawo nthabwala zawo. Panali chotupa chimene chinkatseka njira ya ndulu. Patatha sabata tinali m'ndege kupita ku Auckland, kumene anawachita opaleshoni ya maola asanu ndi limodzi. Dokotala wa kumeneko anandiuza kuti tikanachedwa mwezi wina sakanavutika n'kuwatsegula komwe. Anatinso chinthucho chimatha kubwerera mwakachetechete, tizikhala tcheru.

Tinabwerako patatha miyezi iwiri, a Manase ataonda mpaka malaya kumawalendewera. Titangotsika basi, ndani uyo pamphambano, a Kelepi. Amene anabwera kudzatichingamira onse anabalalika, wina anabisala kuseri kwa sutikesi. Ine ndinawagwira dzanja amuna anga n'kuwaimika pamthunzi ndekha, kuwatembenuzira kunyanja. A Kelepi anapendeketsa mutu. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati, koma ndinamva nkhuku ikupalasa kutsidya kwa msewu, ndiye mudziwe mmene kunalili chete.

"Atatu ofiirira, limodzi lofiira, kadontho koyera," anatero. "Pita uzikalima."

Mukuganiza kuti mudzi unamva phunziro? Ndinafotokoza m'tchalitchi, kumsika, m'basi, mpaka mawu kusasa. Koma a 'Ofeina anali atafika kale paliponse ndi nkhani yawo, yoti mkeka ndi chilazi ndi zimene zinagwira ntchito, ndiponso kuti nzeruyo inali yawo. Kuyambira pamenepo, a Kelepi akangoyang'ana munthu, m'mawa mwake ankapeza mkeka ndi chilazi pakhomo. Ena ankapereka asanayang'anidwe n'komwe, kupewa kuposa kuchiza. Shedi inadzaza mikeka mpaka kudenga. Iwo ankauza aliyense wobwera kuti atenge zinthu zake apite kuchipatala, ndipo anthu ankavomera mwaulemu, maso ali pansi, n'kubwerera kwawo atapepukidwa mtima. Awiri okha ndi amene anamvera, ndipo mmodzi wa iwo ali moyo.

Ine Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkapita nawo a Manase kushedi kuja. Tinkanamizira kukapereka moni. A Kelepi ankatuluka, kuyang'ana, kutchula madontho awo, ndipo ine ndinkagona tulo mwezi wathunthu. Zaka zinayi tinakhala choncho. Kuchipatala tinkapitanso, inde, koma makina oyezera amafuna kudikira miyezi, pamene maso a bambo aja anali pafupi, kungowoloka msewu.

Chimene sindimadzikhululukira n'chakuti maulendo onsewo ine ndinkayang'ana amuna anga okha. Anthu ena onse anali atazolowera kuyang'ana pansi a Kelepi akamadutsa. M'mudzi wa anthu mazana atatu, palibe ngakhale mmodzi amene anaona nkhope yawo ikusintha. Lachitatu lina masana anawapeza atakhala pampando m'shedi, burashi ili m'chitini cha madzi, atapita kale.

Meliame anabwera kuchokera ku Auckland ndi chinsalu chosindikizidwa kale. Thambo la buluu, nkhunda ziwiri, zilembo zagolide, ndi mnyamata wina wosalala wa zaka makumi atatu amene amati ndi bambo ake. Anthu anayamikira kuti chakongola. Ine ndinangoluma mlomo, poti pamaliro a eni sutsutsa.

Maliro atatha, Meliame anatsegula kabati ija, ndipo mudzi unatsala pang'ono kusamuka. Munali maenvelopu oposa mazana awiri, aliyense dzina lake pamwamba: abusa, woyendetsa basi, a 'Ofeina, ngakhale ine. Zinaoneka kuti chaka chawo chomaliza ankatijambula mobisa kudzera pazenera la shedi, tikamadutsa tikuganiza kuti tabisala. Amayi anayamba kulira maliro awo omwe. Abusa analengeza kusala kudya kwa masiku atatu, ena anati kukubwera chigumula cha m'nyanja chotitenga tonse tsiku limodzi. Anali Meliame amene anatembenuza chithunzi chimodzi n'kuona kuti kumbuyo kwalembedwa. Pa chilichonse panali muyeso wa utoto wa mwini wake. Pa zisanu ndi ziwiri anawonjezerapo mawu akuti apite kuchipatala, atadula mzere pansi kawiri. Nthawi imeneyi onse asanu ndi awiri anapita, chifukwa panalibenso woti amupatse mkeka.

Envelopu ya a Manase ndinakhala nayo masiku awiri osatsegula. Nditatsegula, ndinapeza amuna anga akuseka, atavala malaya amene ndinawagulira pa Khirisimasi, makwinya awo onse alipo, dzino lawo losweka lilipo. Kumbuyo kunali madontho aja, ndipo pansi pake analemba kuti: "Lero palibe chikasu. Sindinajambule chifukwa akupita iye, ndikupita ndine. Uzimuyang'ana ndiwe tsopano, Sulieti."

Papita chaka ndi miyezi inayi. M'tchalitchi zokupizira zabwerera kuntchito yake yokupiza mphepo, m'basi anthu amayang'anana, ana amadutsa pashedi paja akuimba. Aliyense amayenda nkhope ili poyera, ndipo palibe amene amaona kanthu. Timauzana kuti mukuoneka bwino, mwanenepa, mwasalala, monga mmene zimanenera zinsalu za m'tauni zija. Ndinkaganiza kuti mudzi unkaopsa a Kelepi ali moyo. Ayi ndithu, pano ndi pamene ukuopsa, ndipo ndimawasowa bambo amene aja mpaka mtima kuwawa.

M'mawa uliwonse a Manase asanapite kumunda ndimawaimika pakhonde, pamthunzi, n'kuwatembenuzira kunyanja. Iwo amadandaula kuti dzuwa likwera, koma amaima. Ndimapendeketsa mutu, ndimatsinzina diso limodzi, ndimayesa kuyang'ana ngati wogula nsomba. Dzulo anasiya theka la chakudya m'mbale, ati anangokhuta. Lero ndawayang'ana nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka anandifunsa kuti ndaona chiyani.

"Palibe," ndinatero. "Pitani muzikalima."

Ananyamula khasu n'kumapita. Ndinayankha zoona, sindinaone kanthu. Koma ine ndi munthu yemwe uja amene ndinayang'ana mbale ya utoto ili pamphuno panga osaona kusiyana.